Kodi feteleza akufunanji m'kabuku ka sewero?

Ana inu, tayerekezani kuti lero ndi Loweruka masana, ndipo mwalowa m'holo ya sukulu ina ku Kafue kukaonera sewero. Pakhomo mwapereka ndalama yolowera, ndipo mtsikana wovala yunifolomu wakupatsirani kabuku kakang'ono ka masamba owerengeka. Mwapeza pokhala. Chinsalu chakutsogolo chidakali chotseka. Kuseri kwake mukumva mapazi, manong'onong'o, ndi ng'oma imene wina akuigunda pang'onopang'ono kuti amve ngati yakungika bwino. Sewero silinayambe, ndiye maso anu agwera pa kabuku kaja.

Pachikuto pali dzina la sewero. Mukatsegula mukupeza mayina: uyu akhala mfumu, uyu akhala mayi wamasiye, awa ndi oimba, uyu ndiye analemba, awa ndi aphunzitsi amene anawakonzekeretsa. Zonsezi n'zomveka. Koma kutembenuza tsamba lina, taonani chithunzi cha thumba la feteleza, pansi pake nambala ya foni! Patsamba lotsatira pali sitolo ya malata ndi misomali, pambali pake telala wosoka mayunifolomu, m'munsi mwake amayi ophika makeke a ukwati. M'sewero lonselo mulibe mlimi, mulibe mmisiri womanga nyumba, ukwatinso mulibe. Nanga anthu amenewa alowamo bwanji?

Alowamo chifukwa ndiwo alipira kabukuko. Kuti kafike m'manja mwanu pagulidwa mapepala ndi inki, wina wakhala pakompyuta kulemba ndi kuyala masambawo, makina osindikizira adya magetsi. Pamene gulu la zisudzo lili kale ndi mavuto ake a ndalama: zovala za mfumu, zokuzira mawu, utoto wopakira nsalu yakumbuyo, mwinanso minibasi yowatengera ku mpikisano wa masukulu. Ndalama ya pakhomo sikwanira zonsezi. Choncho iwo amachita zimene khonsolo imachita pamsika. Khonsolo ili ndi bwalo, ndipo aliyense wofuna kuyala tomato wake amalipira kamalo. A zisudzo nawo ali ndi masamba opanda kanthu, ndipo aliyense wofuna kuyalapo dzina la malonda ake amalipira kamalo. Kumeneko ndiko kutsatsa malonda m'kabuku ka sewero.

Funso lokoma kwambiri ndi ili: wamalondayo akugula chiyani kwenikweni? Pepala lokhalo n'lotchipa. Chimene iye akugula ndi mphindi zija munakhala phee kudikira kuti chinsalu chitseguke.

Taganizani za zikwangwani zikuluzikulu zimene zili m'mbali mwa msewu wochokera ku Lusaka kubwera ku Kafue, mtunda wa makilomita pafupifupi 45. N'zazikulu ndithu, zina kuposa khoma la nyumba, koma munthu amene ali m'minibasi amangoziona kuti psiti, zapita. Asanamalize kuwerenga nambala ya foni, galimoto yadutsa kale. Uthenga wa pawailesi nawo umalowa m'khutu pamene amayi akupeta mpunga kapena kukalipira mbuzi, kenaka wazimirira. Koma munthu wa m'holo uja wakhala pansi, sakupita kulikonse, ndipo pepalalo lili m'manja mwake momwe. Amawerenga tsamba lililonse, mwina kawiri, ndipo pa nthawi yopumira pakati pa sewero amalitsegulanso. Akuluakulu amati malonda ndi m'maso, ndipo wamalonda wochenjera amafunafuna malo amene maso a anthu akhazikika.

Palinso chinthu china chimene ine chimandikhudza mtima. Kapepala kotsatsa malonda kamene amagawa pamsewu, ambiri amakataya asanayende n'komwe mapazi khumi. Kabuku ka sewero sikatayidwa chotero, chifukwa muli dzina la mwana wa munthu. Mayi amene waona dzina la mwana wake litasindikizidwa ndi makina, mwina koyamba chibadwire, sangakulungire zitumbuwa pepala limenelo. Amalipinda bwino, n'kuliika m'Baibulo kapena pansi pa zovala m'sutikesi. Azakhali akabwera kuchokera ku Chipata amawatulutsira kuti aone. Agogo amaitanitsa magalasi awo. Ndipo kulikonse kumene dzina la mwanayo lapita, telala uja ndi thumba la feteleza lija zapita nawo limodzi.

Tsono ganizirani anthu amene adzaza m'holomo. Ndi makolo, aphunzitsi, anansi, ogwira ntchito m'mafakitale, amayi a pamsika, asodzi a mumtsinje wa Kafue. Telala wa ku Kafue safuna kuti munthu wa ku Kitwe amudziwe, chifukwa wa ku Kitweyo sadzabwera kudzasoketsa malaya kuno. Iye akufuna makolo okhala pafupi, amene ana awo adzafunika yunifolomu yatsopano mu Januwale. Ndipo ambiri mwa makolowa, ngakhale akhale a m'tauni, ali ndi kamunda ka chimanga. Sewero likachitika mu Okutobala kapena Novembala, mvula ili pafupi, mitima yawo ili kale pa mbewu ndi feteleza. Mwaona tsopano chimene thumba lija likufuna? Silinasochere ayi. Latsata alimi amene akhala pamipando.

Kafue ndi malo abwino kuphunzirirapo nkhani imeneyi, chifukwa ndi tauni imene inakula ndi mafakitale. Njanji inawoloka mtsinje wa Kafue pa mlatho umene unamangidwa mu 1906, koma kukula kwenikweni kunadza dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964. Boma, kudzera mu bungwe lake la INDECO, linafuna kuti dziko lizidzipangira katundu, ndipo linasankha Kafue chifukwa pali madzi ambiri, njanji, msewu waukulu, komanso Lusaka ili pafupi. Ku dera la mafakitale, lotchedwa Kafue Industrial Area, kunamangidwa Nitrogen Chemicals of Zambia, imene ambiri amangoitchula kuti NCZ kapena Nitrogen. Inayamba kupanga katundu mu 1970, ndipo ndiyo inatchukitsa Kafue ndi feteleza. Kunalinso Kafue Textiles, kumene thonje linkasanduka nsalu ndi zitenje. Panalinso fakitale ya Bata yofufuta zikopa za nsapato, ndi Lee Yeast, yopanga yisiti wofufumitsira buledi. Ogwira ntchito anawamangira nyumba ku Kafue Estates. Pambuyo pake kunabwera fakitale ya zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries, imene anthu amaitcha Kafue Steel, yosungunula zitsulo zakutha n'kupanga zitsulo zomangira nyumba. Imeneyi ndi ya gulu la Trade Kings, lomwe lija limapanga sopo wochapira wa Boom.

Pamenepa mwana wanzeru afunsa kuti: "Za telala ndamva. Koma fakitale yaikulu ngati imeneyi ingapindule chiyani ndi kabuku ka sewero la ana asukulu? Kodi alipo amene angatuluke m'holo n'kukagula lole yodzaza zitsulo?" Funso labwino zedi. Kampani yaikulu ikagula tsamba m'kabuku kotere, kawirikawiri siyembekezera kugulitsa kanthu tsiku lomwelo. Imafuna kuti dzina lake likhale pafupi ndi chinthu chimene anthu amachikonda. Ana amene ali pabwalo la sewero angakhale ana a ogwira ntchito ake omwe. Anthu okhala pamipando ndi amene amamva phokoso la makina ake usiku, ndi amene amapatukira malole ake pamsewu. Tsamba lolembedwa mawu ochepa ofunira ana zabwino limauza anthuwo kuti, "Ifenso ndife a kuno." Mwambi uja umati kupatsa n'kuika, ndipo kampani imadziwa kuti dzina labwino limene yaika lero idzalifuna mawa.

Zimenezi mumaziona kale ku mpira. Patson Daka, amene anakulira ku Kafue n'kusewerako timu ya Kafue Celtic asanapite ku Red Bull Salzburg, kenaka ku Leicester City mu 2021, amavala jezi yokhala ndi dzina la kampani pachifuwa. Kampaniyo siimenya mpira, koma imalipira kuti dzina lake lioneke pamene anthu akusangalala. Ku zisudzo nakonso n'chimodzimodzi. M'matauni a migodi monga Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Luanshya munamangidwa nyumba zoonetseramo zisudzo, ndipo makampani a migodi ankathandiza makalabu ake, monga ankachitiranso ndi matimu a mpira. Jezi ya wochita sewero singalembedwe dzina la kampani, pakuti mfumu ya m'sewero itavala malaya olembedwa za sopo, nkhani yonse ingasokonekere. Ndiye dzinalo amalipezera malo m'kabuku.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1884, mumzinda wa New York ku America, munthu wina wamalonda dzina lake Frank Vance Strauss anayamba ntchito yosindikizira nyumba za zisudzo timabuku totere. Nthawi imeneyo zambiri mwa nyumbazo zinkangogawa kapepala ka mayina. Iye anaona kuti kapepalako kakhoza kukula kukhala ngati magazini, kenaka masamba owonjezerawo n'kugulitsa kwa amalonda. Ntchito yakeyo ilipo mpaka lero, ndipo kabukuko kamatchedwa Playbill. Kamadziwika ndi mtundu wachikasu pamwamba pa chikuto chake. Amene akalowa kukaonera sewero m'nyumba zotchuka za ku Broadway amalandira Playbill osalipira kanthu, chifukwa otsatsa malonda alipira kale. Ku London mwambo ndi wina: kumeneko kabuku ka sewero nthawi zambiri umachita kugula, ngakhale kuti namonso malonda amakhalamo.

Tsopano tiyeni tikapange tokha, kuti muone mmene masamba amagawidwira. Tengani pepala limodzi loyera la A4, mulipinde pakati. Werengani nkhope zake: kutsogolo, ziwiri zamkati, ndi kumbuyo. Masamba anayi. Tenganinso lachiwiri, mulipinde chimodzimodzi, n'kulilowetsa mkati mwa loyamba lija. Masamba akwana 8. Mukawonjezera lachitatu akhala 12. N'chifukwa chake kabuku komangidwa ndi mawaya a stepula pamsana kamakhala ndi masamba 4, 8, 12 kapena 16, osati 7 kapena 10. Aphunzitsi akakhala ndi zolemba zokwana masamba 5 okha, wosindikiza amawauza kuti pepala likupereka 8, ndiye atatu atsala opanda kanthu. Atatu amenewo ndiwo munda wa otsatsa malonda.

Musanapitirire, chitani kanthu aka. Lembani manambala 1 mpaka 8 pa masamba a kabuku kanu ka mapepala awiri kaja, kenaka mukamasule n'kuyala mapepalawo patebulo. Mudzadabwa kuona tsamba 8 litagona pambali pa tsamba 1, tsamba 2 pambali pa 7, tsamba 6 pambali pa 3, ndi 4 pambali pa 5. Phatikizani manambala awiri aliwonse oyandikana. Nthawi zonse yankho ndi 9. Wosindikiza amayala masamba motero pamakina ake, ndipo akalakwitsa pamenepa, mayina a oimba amakapezeka pamalo a feteleza.

Malo onse m'kabuku si ofanana mtengo, monganso pamsika benchi ya pakhomo imaposa ya kuseri. Okwera mtengo kwambiri ndi chikuto chakumbuyo, chifukwa munthu amachiona ngakhale asanatsegule, ndipo kabuku kakagona chafufumimba pampando, ndicho chimayang'ana kumwamba. Chotsatira ndi mkati mwa chikuto chakutsogolo. Tsamba lamitundumitundu limaposanso lakuda ndi loyera, chifukwa makina amafunika inki zinayi kuti atulutse chithunzi chamitundu: yabuluu wowala, yofiirira ngati pinki, yachikasu ndi yakuda. Mukayang'anitsitsa chithunzi cha m'nyuzipepala ndi galasi lokulitsa zinthu, mudzaona timadontho ta mitundu inayi imeneyi titathithikana.

Tiyeni tichite masamu ndi manambala ongoyerekeza, poti mitengo yeniyeni imasinthasintha ndipo muyenera kukaifunsa kwa wosindikiza. Tinene kuti iye wati timabuku 200 ta masamba 8 atisindikiza pa K600. Ndiye kuti kamodzi kadya K3. Kalabu yanu yagulitsa chikuto chakumbuyo kwa wa feteleza pa K250. Tsamba lathunthu lamkati mwagulitsa kwa wa malata pa K150. Tsamba lachitatu mwalidula panayi, kagawo kalikonse K50, ndipo atenga ndi telala, amayi a makeke, wometa tsitsi ndi wokonza njinga. Phatikizani: 250, 150 ndi 200. Yakwana K600 yonse, ndipo oonera alandira kabuku kaulere. Mwaonapo chodabwitsa? Tsamba lodulidwa panayi labweretsa K200, kuposa lathunthu lija la K150. Zimatero ndithu m'magazini ndi m'manyuzipepala: wogula malo aakulu amamutsitsirako, monga wogula thumba lonse la shuga amapeza mtengo wabwino kuposa wogula timapaketi.

Ngati kalabu yanu ingafune kuyesa, pitani ndi aphunzitsi, musapite nokha kumafakitale kapena m'masitolo. Nyamulani kabuku kachitsanzo kopindapinda kaja, mutajambulamo mabokosi osonyeza kukula kwa malo. Mukafika, perekani moni mwaulemu: "Zikomo bambo, ife tachokera ku kalabu ya zisudzo ya kusukulu kwathu. Tili ndi sewero mwezi wamawa, ndipo tabwera kudzakupemphani ngati mungakonde kuti dzina la sitolo yanu likhale m'kabuku kathu." Ku sitolo yaing'ono mwini wake amayankha pomwepo. Ku kampani yaikulu amafuna kalata ya aphunzitsi aakulu, ndipo yankho limatenga masabata, choncho yambani msanga. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti munene zoona. Ngati musindikiza timabuku 200, nenani 200, osati 500. Lembani risiti. Asanasindikize onse, aonetseni eni malonda tsamba lawo kuti aone ngati nambala ya foni yalembedwa molondola, pakuti nambala imodzi yokha ikalakwika, ndalama yawo yapita pachabe. Sewero likatha, kawatulireni kabuku kamodzi ndi mawu othokoza.

Sikuti ndalama iliyonse ndi yolandira. M'kabuku ka sewero la ana simuyenera kukhala mowa, fodya, kapena masewera obetcha ndalama aja adzaza m'mafoni masiku ano, ngakhale eni ake atalonjeza kulipira masamba onse. Ndipo pali malire ena ofunika kwambiri. Wogula tsamba wagula tsamba basi, sanagule sewero. Tinene kuti mwalemba sewero lonena za zinyalala ndi madzi oipa otayidwa mumtsinje wa Kafue, mtsinje umene asodzi amadyerapo ndiponso umene madzi ambiri akumwa a ku Lusaka amachokerako. Wina n'kunena kuti, "Ndikupatsani ndalama, koma gawo ilo mulichotse." Pamenepo ndi bwino kumubwezera ndalama yake mwaulemu n'kusindikiza kapepala kamodzi kokha ka mayina. Inunso ngati owerenga, dziwani kuti mawu a m'bokosi la malonda analembedwa ndi mwini malondayo. Akati katundu wake ndiye wabwino koposa, ndi iye amene akutero, osati aphunzitsi anu kapena wolemba sewero.

Pajatu si sewero lililonse limafuna kabuku. Ku Lusaka Playhouse, nyumba ya zisudzo yomwe inamangidwa m'nthawi ya atsamunda pamphambano ya Church Road ndi Nasser Road, mwambo wa matikiti, mipando ndi chinsalu unachokera ku Ulaya, ndipo kabuku ndi mbali ya mwambo umenewo. Koma chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ophunzira a pa University of Zambia pamodzi ndi aphunzitsi awo, mmodzi wa iwo Michael Etherton, anali ndi gulu lotchedwa Chikwakwa Theatre. Dzinalo mukulidziwa, ndi chikwakwa chomwechi chotchetchera udzu. Iwo ankachitira zisudzo pabwalo lapanja, ndipo ankayenda m'zigawo za dziko kukasewera m'zilankhulo za anthu a kumeneko. Ku Malawi nako gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College ku Zomba linkachita zofanana. Pabwalo la m'mudzi, ng'oma ndiyo imaitana anthu, ndipo mayina a osewera amalengezedwa pakamwa. Njira imeneyi ndi yokongola ndipo siidya ndalama. Kungoti mawu a pakamwa amauluka ndi mphepo, pamene pepala limatsala.

Kutsalako n'kumene kumachititsa kabuku kakale kukhala chuma. Patapita zaka 30 kapena 40, masamba a malonda aja, amene tsiku la sewero ankaoneka ngati alendo, amasanduka mboni za mmene tauni inalili. Amakuuzani masitolo amene analipo, katundu amene anthu ankagula, mitengo yake, ndi mafakitale amene ankafuka utsi nthawi imeneyo. Makina a Kafue Textiles analeka kulira zaka zambiri zapitazo, ndipo ana ambiri a ku Kafue lero sanaonepo chitenje chikutuluka m'fakitale imeneyo, koma dzina lake likadali pa mapepala akale amene anthu anasunga. N'chifukwa chake mukamapanga kabuku kanu musaiwale kulemba pachikuto tsiku, mwezi, chaka ndi malo.

Madzulo ano, pemphani agogo kapena amalume kuti akutsegulireni sutikesi ya mapepala akale. Mwina simupezamo ka sewero, koma mukhoza kupezamo ka mpikisano wa makwaya, ka tsiku lopereka mphoto kusukulu, kapena ka mpira. Katembenuzeni muone kumbuyo. Mukapeza dzina la sitolo limene simunalimvepo, ndi nambala ya foni yaifupi kuposa za masiku ano, afunseni kuti sitoloyo inali pati, ankagulamo chiyani, ndipo pamalopo pali chiyani lero.